Kuwedza ncheni bwato likuyenda: nyambo ifike pamene pali nsomba

Phunziro la ulendo uno ndi la usodzi wa mbedza. Tonse tikudziwa kuti kukhala ndi chilimira kapena matchera masiku ano si nkhani yamasewera. Ukonde, boti, injini, mafuta, nyali ndi malipiro a alovi zimafuna ndalama zimene mabanja ambiri alibe. Koma chingwe, mbedza zingapo ndi bwato, ngakhale lobwereka, munthu atha kuzipeza.

Funso ndi ili: zimatheka bwanji kuti anthu awiri alowe m'madzi nthawi imodzi, nyambo yofanana, wina n'kubwera ndi ncheni zodzaza beseni, mnzake n'kubwera ndi ziwiri zokha? Ambiri timathamangira kunena kuti ndi mwayi, ena mpaka kuyamba kuganizirana za mankhwala. Komatu nthawi zambiri kusiyana kwake kumakhala kochepa. Nyambo ya woyambayo inadutsa pamene panali nsomba, pomwe ya mnzakeyo inadutsa pamwamba kapena pansi pake.

Polemba phunziroli taganiziranso abale athu a kumtunda, monga kwa Simlemba m'boma la Kasungu. Kumeneko moyo ndi fodya ndi chimanga. Koma mlimi akagulitsa mabelo ake ku Chinkhoma amakhala ndi miyezi ingapo ntchito za kumunda zisanavute, ndipo amene ali ndi achibale ku Dwangwa kapena ku Nkhotakota atha kutsikira kunyanja kukayesa mbedza. Munthu wotere akalowa m'madzi osadziwa chochita, kandalama ka fodya kamathera mu nyambo ndi zingwe zoduka.

Kuwedza bwato likuyenda n'kutani?

Pali kuwedza kokhala pamalo amodzi n'kumadikira, ndiye pali kutchera khuleya madzulo n'kukaonja m'mawa. Njira imene tikukamba pano ndi ina. Mumaponya chingwe kumbuyo kwa bwato n'kumapalasa pang'onopang'ono, nyambo n'kumayenda m'madzi ngati kansomba kamoyo. Ubwino wake ndi woti simudikira kuti nsomba ikupezeni. Mumaifunafuna ndinu, ndipo pa ola limodzi nyambo yanu imadutsa malo aakulu.

Njirayi imagwira nsomba zimene zimadya nsomba zinzake pothamangitsa. Ku America kuli nsomba ya m'nyanja za madzi opanda mchere yotchedwa crappie. Imayenda m'magulu pakati pa madzi, osati pamwamba penipeni kapena pansi penipeni, kutsatira tinsomba ting'onoting'ono. Asodzi a kumeneko amaika mbedza zingapo pa boti limodzi, iliyonse pa kuya kwakekwake, n'kumayendetsa boti pang'onopang'ono kuposa munthu woyenda pansi. Mbedza ina ikayamba kugwira, amasintha zonse kuti zikhale pa kuya komweko. Crappie kuno kulibe, koma tili ndi nsomba ya khalidwe lofananako, ndiyo ncheni.

Tiidziwe ncheni

Ncheni ndi yaitali thupi, yonyezimira, ya kamwa lalikulu ndi mano akuthwa. Ilipo mitundu ingapo, ndipo zikuluzikulu zamafuta zija ena amazitcha batala. Chakudya chake chachikulu ndi usipa ndi tinsomba tina ta pakati pa nyanja monga ana a utaka. Ndiye kuti wofuna ncheni ayambe wafunsa: usipa uli pati lero?

Usipa nawo umatsatira chakudya chake, tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, kuphatikizapo mphutsi za nkhungu zija zimaoneka ngati utsi pamwamba pa nyanja. Mphutsizi masana zimatsikira kozama kuthawa kuwala, usiku n'kukwera. Chakudya chikamakwera ndi kutsika chonchi, zodya chakudyacho sizingakhale pamalo amodzi. N'chifukwa chake kuya kumene munapha ncheni mbandakucha sikukhala kumene mudzazipeze dzuwa lili pamutu.

Nyanja ya Malawi ndi yozama kwambiri, pena kufika pafupifupi mamita 700, ndipo kupitirira mamita 200 kapena 250 madzi ake alibe mpweya woti nsomba n'kukhalamo. Ngakhale tichotse gawo lopanda mpweyalo, madzi otsalawo ndi ambiri zedi. Mbedza imodzi yoponyedwa mwachisawawa m'madzi otere ili ngati njere imodzi ya fodya yotayidwa m'munda wa maekala khumi.

Choyamba: yezani kuya

Apa ndiye pagona phunziro lonse. Asodzi ambiri amadziwa kutalika kwa chingwe chimene atulutsa, koma sadziwa kuya kumene nyambo yafika. Ziwirizi n'zosiyana. Bwato likaima, chingwe cha mikwamba 20 chimatsika mikwamba 20. Likayamba kuyenda, madzi amakankha chingwecho, chimapendekera kumbuyo, nyambo n'kukwera.

Yambani ndi kuika zizindikiro pa chingwe. Mkwamba, kutambasula manja onse awiri, ndi pafupifupi mamita 1.8 kwa munthu wamkulu. Pa mikwamba isanu iliyonse mangani kaulusi: kofiira pa 5, koyera pa 10, kakuda pa 15, choncho. Mukatero simuyenera kumawerenganso nthawi zonse, ndipo mukamuuza mnzanu kuti "tsitsa mpaka pa koyera" akumvani msanga.

Kenako yang'anani mmene chingwe chikulowera m'madzi:

- Chikamalowa choongoka, kuya ndi kofanana ndi kutalika kwa chingwe.
- Chikapendekera pakatikati, osati choimirira komanso osati chogona, nyambo yafika pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10. Mikwamba 20 ya chingwe ndiye kuti mikwamba 14 ya kuya, pafupifupi mamita 25.
- Chikagona kwambiri, nyambo ili pa theka la chingwecho kapenanso kuchepera apo. Mikwamba 20 yomwe ija yangofika pa 10.

Kuwerengaku n'kongoyerekeza, pakuti m'madzi chingwe chimapindika ngati uta, ndipo nyambo imakhala pamwambako pang'ono kuposa mmene maso akuonera. Komabe kukupatsani poyambira. Mukafuna kuti nyambo izame, pali njira zinayi: onjezani chingwe, onjezani cholemetsa, chepetsani liwiro, kapena gwiritsani chingwe chopyapyalako chimene madzi sachikankha kwambiri.

Mukakhala awiri m'bwato, musaponye pa kuya kofanana. Wina akhale pamwamba, wina pansi, kusiyana mikwamba isanu kapena khumi. Chingwe cholemera kwambiri chikhale chachifupi, pafupi ndi bwato, ndipo chopepukacho chikhale chachitali kumbuyo, kuti zisakolane. Pakatha mphindi 20 popanda kugwira, nonse sinthani kuya. Nsomba yoyamba ikagwira, musathamangire kuponyanso. Yambani mwafunsana: inagwira pa kaulusi kati? Chingwe chinali chopendekera bwanji? Kenako zingwe zonse zipite pamenepo.

Mukakayika, ndi bwino nyambo idutse pamwambako pang'ono kusiyana ndi pansi pa gulu la nsomba. Nsomba yosaka imaona msanga chinthu chodutsa pamwamba pake, kumene kukuchokera kuwala, ndipo imakwera kukachigwira. Chodutsa pansi pamimba pake nthawi zambiri sichioneka.

Chachiwiri: liwiro la bwato

Wopalasa ndi msodzinso, ngakhale sagwira chingwe. Akamapalasa mothamanga kenako n'kupuma, nyambo imangokwera ndi kutsika, ndipo kuyeza konse kuja kumapita pachabe. Nkhafi ilowe m'madzi mofatsa, mosagunda bwato, ndipo kapalasidwe kakhale kamodzimodzi.

Liwiro mutha kuliyeza opanda makina. Ponyani katsamba kapena kamtengo m'madzi kutsogolo kwa bwato, muwerenge masekondi mpaka kafike kumbuyo. Pa bwato la mamita 5, masekondi 9 ndiye kuti mukuyenda pafupifupi makilomita 2 pa ola. Masekondi 6 ndi makilomita 3 pa ola, masekondi 12 ndi kilomita imodzi ndi theka. Yambirani pa masekondi 9, kenako muziyesa kuonjezera kapena kuchepetsa.

Musanatsitse nyambo, ikokeni kaye pambali pa bwato pamene mukuiona. Iziyenda mogwedezeka ngati kansomba kovulala. Ikamazungulira ngati nguli, mwina mukuthamanga kwambiri kapena mwaikoleka mokhota. Nyambo yozungulira imapota chingwe ndipo nsomba zimaikana.

Pali nzeru ina imene imapezeka pokhota. Bwato likamakhota, chingwe cha mbali ya m'kati chimachepa liwiro n'kumira, pomwe cha mbali ya kunja chimathamanga n'kukwera. Ndiye musamayende chindunji ngati msewu. Muziyenda mokhotakhota, koma mosadukiza kuti zingwe zisakumane. Nsomba zikamagwira chingwe cha m'kati pokhota, zikukuuzani kuti chepetsani liwiro kapena tsitsani nyambo. Zikamagwira cha kunja, onjezani liwiro kapena kwezani. Apa ndi pamene akulu ankati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dziwaninso kuti mphepo imanamiza. Mukamapita kumene mphepo ikupita, bwato limathamanga ngakhale mukupalasa pang'ono. Pobwerera, mphamvu yomweyo ikuyendetsani pang'onopang'ono. Musadalire kutopa kwa mikono, dalirani kupendekera kwa chingwe.

Chachitatu: nyambo ndi zida

Nyambo yabwino ya ncheni ndi chakudya chake chomwe, usipa wauwisi wa tsiku lomwelo. Usipa wogona umafewa n'kuthothoka pa mbedza bwato likangoyamba kuyenda. Usungeni pamthunzi, mu nsalu yonyowa, ndipo kuuwaza kamchere pang'ono kumaulimbitsa. Koleketsani mbedza kuchokera kunsi kwa kamwa kutulukira pamwamba pa mphuno, kuti kamwa litsekeke ndipo kansombako kaziyenda koongoka.

Usipa ukasowa, chitsulo chonyezimira chimathandiza. Tengani supuni yaing'ono yakale, dulani chogwirira, boolani mbali zonse ziwiri, mbali ina mumange chingwe, inayo mbedza. Ikwecheni ndi phulusa kapena mchenga wosalala kuti iwale. Supuni imafuna liwiro loposerako la usipa kuti izivina bwino.

Cholemetsa chisakhale pafupi ndi nyambo. Siyani mkwamba umodzi kapena iwiri pakati pake kuti nyambo izisewera momasuka. Ngati mungapeze kachitsulo kozungulira kaja kamene kamaletsa chingwe kupotana, kamangeni pamenepo. Popeza mano a ncheni amapala chingwe, kagawo ka pafupi ndi mbedza kakhale kokhuthalako, ndipo mukapha nsomba iliyonse muzikapapasa ndi zala. Kakamveka kokhakhala, dulani mumangenso. Mbedza nayo muiyese pa chikhadabo: ikamatsetsereka osakanda, yabuntha, inoleni.

Chenjezo pa zolemetsa za mtovu: mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana. Musaulume ndi mano, musausungunulire m'poto wophikira, ndipo ana asaseweretse. Manati ndi mabawuti akale amagwira ntchito yomweyo.

Chachinayi: malo ndi nthawi

Nyanja ndi yaikulu koma nsomba sizikhala paliponse. Yang'anani zinthu izi:

- Mbalame zodya nsomba zikamazungulira n'kumagwera pamalo amodzi, pansi pake pali tinsomba. Musalowe pakati pa gululo, mungalibalalitse. Dutsani m'mbali mwake.
- Pamene pansi pa nyanja pamatsetsereka mwadzidzidzi kuchoka posaya kupita pozama. Yendani motsatira m'mphepete mwa phompholo.
- Pa miyala ikuluikulu ya pansi pa madzi imene asodzi amaitcha chirundu, pamene utaka umasonkhana. Samalani kuti mbedza isakodwe.
- Pafupi ndi mathiriro a mitsinje, pamene madzi amatope amakumana ndi madzi oyera. Tsatirani mzerewo muli mbali ya madzi oyera, pakuti ncheni imasaka ndi maso.
- Kumene a chilimira anapha usipa usiku wapitawo. Afunseni padoko. Safunsa anadya phula.

Nthawi yabwino ndi kuyambira mbandakucha, mukangotha swala ya m'mawa, mpaka dzuwa litakwerako, komanso madzulo likamapendeka. Pa nthawi zimenezi yambani kuyesa chapamwamba. Dzuwa likawala kwambiri ndipo madzi ali bata, tsitsani nyambo.

Mukapeza malo ogwira, musawataye. Yang'anani kumtunda mupeze zinthu ziwiri zimene zili pa mzere umodzi, monga mtengo waukulu ndi nsonga ya phiri kuseri kwake. Kenako tembenukirani mbali ina mupezenso ziwiri. Pamene mizere iwiriyi yakumana ndi pomwe muli. Mawa mukadzaona zinthu zinayizi zitakhalanso chimodzimodzi, mwafika. Ndipo lero lomwe, bwererani mudutsenso pamenepo kangapo musanapite kwina, pakuti ncheni imodzi ikagwira kawirikawiri zinzake zili pafupi.

Chachisanu: lembani

Mlimi wa fodya wa kwa Simlemba amadziwa tsiku limene anafesa nazale, matumba a feteleza amene anathira ndi makilo amene anagulitsa. Msodzi wa mbedza achite chimodzimodzi. Kope la sukulu ndi pensulo n'zokwanira. Mukafika kunyumba lembani tsiku, kukula kwa mwezi, mphepo, malo, nthawi, mikwamba ya chingwe, cholemetsa, nyambo ndi nsomba zimene mwapha. Ngati kulemba kumavuta, mwana wa sukulu akuthandizeni. Mulembenso masiku amene simunaphe kanthu, chifukwa nawonso amaphunzitsa.

Poyesa, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha malo, nyambo ndi kuya zonse pamodzi kenako n'kupha, simudziwa chimene chathandiza. Tiyerekeze kuti mwatuluka masiku khumi, ndipo kope likuonetsa kuti nsomba zambiri zinagwira m'mawa pa mikwamba 15, pomwe masana zinagwira pa 25 kapena sizinagwire n'komwe. Basi, mwadziwa poyambira tsiku lotsatira, ndipo mwadziwanso nthawi yobwerera kumtunda m'malo mopsa ndi dzuwa pachabe.

Mwera sasewera nawo

Miyezi imene mlimi wa fodya amakhala ndi mpata ndi ndalama ndi yomwenso mwera umaomba, kuyambira cha mu May mpaka August kapena September. Mphepoyi imachokera kummwera chakum'mawa ndipo imatha kudzutsa mafunde aakulu pa kanthawi kochepa. Mverani machenjezo a nthambi yoona za nyengo pa wailesi, ndipo eni doko akati lero sitilowa, inunso musalowe.

Mlendo panyanja asapite yekha, apite ndi wodziwa madziwo. Valani jekete yoyandamitsa, ndipo ngati palibe, mangirirani m'bwato chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Tengani chokapira madzi, nkhafi yapadera ndi foni yokulunga m'pulasitiki. Uzani a kunyumba kumene mwalowera ndi nthawi yobwerera. Chingwe musachikulunge ku chala kapena ku dzanja, pakuti kampango wamkulu akagwira chimacheka mpaka fupa. Chikulungeni pa kathabwa.

Nsomba mwaphazo musazisiye padzuwa. Ncheni ili ndi mafuta ndipo sichedwa kuonongeka. Ziphimbeni ndi thumba lonyowa, ndipo mukafika kumtunda gulitsani, tumbulani kapena wambani msanga. Kupha zambiri n'kuzigulitsa zitafewa pa mtengo wolira, phindu lake lili pati?

Za mawa

Ubwino wina wa mbedza ndi woti imagwira imodziimodzi, ndipo msodzi amatha kusankha. Ncheni, monga chambo, imasunga mazira ndi ana m'kamwa mwa yaikazi. Mukagwira yotere, kapena yaing'ono imene sinafike poswa, ibwezeni m'madzi msanga manja ali onyowa. Mbedza yokulirapo imachepetsa kugwira tating'ono.

Nthawi zina supuni yanu igwidwa ndi mpasa kapena sanjika. Mpasa imakulira m'nyanja koma imakwera mitsinje monga Bua, Dwangwa ndi Linthipe kukaswa pa timiyala ta m'madzi oyera, ndipo masiku ano yachepa kwambiri. Ikasonkhana pa mathiriro kuti ikwere, ilekeni idutse. Gawo la Bua limene lili m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota si lowedzamo popanda chilolezo.

Apa abale a kumtunda ali ndi mbali yawo ngakhale asagwire mbedza. Dwangwa amachokera ku Kasungu National Park, ndipo iye pamodzi ndi Bua amatenga madzi a m'zigwa za Kasungu kupita nawo kunyanja. Mitengo ikatha chifukwa cha zigafa ndi nkhuni zochizira fodya, ndipo tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, dothi limakokoloka n'kukakwirira timiyala tija. Kusiya udzu ndi mitengo m'mbali mwa mitsinje komanso kulima mizere yopingasa pamalo otsetsereka kumasunga chonde m'munda mwanu, kumasunganso nsomba za mbale wanu wa kunyanja.

Amene muli pafupi ndi madamu a m'maesiteti, dziwani kuti makumba ndi chilunguni sizikonda kuthamangitsa nyambo yoyenda, chifukwa zimadya zomera ndi tizakudya ting'onoting'ono ta m'madzi. M'damu njirayi ingakuthandizeni pa mlamba, mukamakoka nyambo pang'onopang'ono pafupi ndi pansi. Pemphani kaye chilolezo kwa eni damu, ndipo funsani ngati mulibe ng'ona.

Usodzi m'dziko muno umayendetsedwa ndi lamulo losamalira nsomba, ndipo m'madoko muli makomiti a BVC amene amagwira ntchito ndi nthambi ya za nsomba pamodzi ndi mafumu. Pa nyanja ya Malawi makoka amaletsedwa mu November ndi December pofuna kuti chambo chiswane, ndipo madera ena ali ndi malamulo awoawo, monga chilumba cha Mbenji ku Salima chimene chimatsekedwa nyengo ya mvula. Mukafika padoko lachilendo, kaonekereni kwa a komiti musanalowe m'madzi, akuuzeni malo oletsedwa ndi zofunika pa chilolezo.

Zokambirana pabanja kapena pagulu

1. Mwatulutsa mikwamba 30 ndipo chingwe chapendekera pakatikati. Nyambo ili pa kuya kwa mikwamba ingati?
2. Nsomba zikugwira chingwe cha mbali ya m'kati nthawi iliyonse mukakhota. Musinthe chiyani?
3. Padoko lanu, ndi zizindikiro ziti za kumtunda zimene akuluakulu amagwiritsa ntchito pokumbukira malo? Ana anu akuzidziwa?
4. Ndani m'banja mwanu angasunge kope la usodzi?

Ntchito ya sabata ino: yezani chingwe chanu, mumange tiulusi pa mikwamba isanu iliyonse, ndipo ulendo wotsatira mulembe kuya kumene nsomba yoyamba yagwira. Mukakwanitsa maulendo khumi, khalani pansi ndi anzanu a padoko mufananize makope anu.